Kusankha pisito ya mpweya yomalizira mbalame zovulala: mafunso ndi mayankho

Pa famu imene ndimagwirapo ntchito kum'mawa kwa England timalima tirigu, balere ndi mbewu yamafuta ija amaitcha oilseed rape. Kukayamba kuzizira, njiwa zikuluzikulu za kuno, ma woodpigeon, zimatera m'munda wa rape mazanamazana n'kubudula masamba mpaka kutsala timitengo tokhatokha. Nkhunda za m'tauni nazo zimagona m'shedi ya ng'ombe n'kumanyera m'modyera. Choncho kuwombera mbalame ndi mbali ya ntchito yathu, ndipo aliyense wowombera, kaya akhale katswiri wotani, tsiku lina amangovulaza osapha. Mbalame imagwa phiko litathyoka, maso ali tong'o kukuyang'anani. Mafunso otsatirawa ndi amene abale athu ogwira ntchito m'mafamu ndi m'nyumba zosungiramo katundu kuno ku Britain amandifunsa akamaganiza zogula kamfuti komalizira mbalame yotero.

Kodi pisito ya mpweya ndingasakire mbalame ngati mfuti yaitali?

Ayi. Lamulo la kuno limalola pisito ya mpweya kukhala ndi mphamvu zosapitirira 6 ft lb, pomwe mfuti yaitali ya mpweya imaloledwa kufika pa 12 ft lb. Ft lb ndi muyeso wa mphamvu imene chipolopolo chimachoka nayo pakamwa pa mfuti, ndipo 6 ft lb ndi majoule pafupifupi 8. Ndiye kuti pisito yamphamvu zedi imene mungaipeze m'sitolo ili ndi theka chabe la mphamvu za mfuti yaitali. Komanso ilibe potsamiritsa paphewa, mpope wake ndi waufupi, ndipo dzanja la munthu silikhazikika. Ubongo wa njiwa ndi kanthu kosaposa nsonga ya chala chanu. Kukalasa kanthu kotero muli pa mtunda wa mamita 20 ndi pisito, umenewo ndi mwayi basi.

Ambiri amaderera nthenga. Nthenga za phiko la woodpigeon ndi zolimba, ndipo chithokomiro chake chikadzaza tirigu chimakhala ngati kathumba ka mchenga. Tsiku lina ndikutumbula njiwa ndinapeza chipolopolo chakale chili m'mnofu wa pachifuwa, bala litapola kalekale. Wina anaiwombera patali ndi mfuti yofooka, iyo n'kuuluka nacho.

Pisito ntchito yake ndi imodzi: mbalame yagwa kale kapena yakodwa mumsampha, ndipo inu mwaiyandikira moti mukhoza kuikhudza ndi phazi.

Nanga bwanji osangoimaliza ndi manja, kapena ndi mfuti yaitali yomweyo?

Nthawi zambiri muzitero kumene. Amene tinakulira kumudzi kupha nkhuku ya alendo sitichita nako mantha, ndipo njiwa yovulala imene mwaigwira m'manja imafa msanga ndi manja kusiyana ndi kuyamba kufunafuna chipolopolo m'thumba. Gwirani miyendo ndi dzanja limodzi, mutu muuike pakati pa chala chamkombaphala ndi chapakati cha dzanja linalo, kuseri kwa chigaza, ndiye mukoke mwamphamvu kamodzi n'kamodzi mukupindira mutuwo kumbuyo. Mudzamva khosi litaguluka pamene limalumikizana ndi mutu. Zomaizunguza mbalame m'malere mutaigwira mutu zija ndi nkhanza, chifukwa khosi limatha kuthyokera m'munsi iyo ikadali ndi moyo. Alenje a kuno amayendanso ndi kachibonga kakafupi kolemera kumutu, kamene amakatcha priest, ati chifukwa ndiye wansembe wopereka sakramenti lomaliza. Kumenya kamodzi mwamphamvu pankhongo, basi. Pa nkhuku ndi abakha oweta, malamulo salola kuthyola khosi ndi manja mbalame yolemera kuposa makilogalamu 3, ndipo muyeso umenewu ndi wothandiza ngakhale kutchire. Tsekwe wa Canada goose ndi wamkulu kuposa pamenepo, si wa manja ndipo si wa pisito ya mpweya.

Koma pali malo ena amene dzanja silifika. Nkhunda yovulala imathawira kunsi kwa mapaleti, kuseri kwa mabelo a udzu, kapena m'kati mwa mpanda wa minga ya blackthorn. Khwangwala wovulala naye amagona chagada n'kumakudikirani ndi mlomo ndi zikhadabo.

Apa ndi pamene mfuti yaitali inandichititsa manyazi chaka changa choyamba. Nkhunda inagwera pakati pa mabelo awiri, mutu wokha ukuoneka, pa mtunda wosakwana mita imodzi ndi theka. Ndinayang'ana mu scope, galasi loyang'anira lija la pamwamba pa mfuti, zonse zili mbuu. Ndinalunjika pamene ndinkaganiza kuti ndi pamutu, n'kuwomba. Chipolopolo chinaphwanya mlomo wa m'munsi, mbalame ikadali moyo. Akuluakulu anati mbalame ikatera pauta silasika, ndipo tsiku limenelo ndinaumvetsa mwambiwu. Scope imakhala masentimita 4 kapena 5 pamwamba pa mpope, ndiye chinthu chikayandikira kwambiri chipolopolo chimagunda m'munsi mwa pamene mukuyang'ana ndi mlingo womwewo. Ndinachita kugumula mabelo kuti ndiigwire, ndipo mphindi zimenezo sindiziiwala. Pisito ndinaigula mwezi womwewo.

Kodi pamafunika chiphaso?

Zimatengera kumene mukukhala. Ku England ndi ku Wales, pisito yosapitirira 6 ft lb simufunika chiphaso. Ku Scotland, kuyambira pa 31 December 2016, aliyense wokhala ndi mfuti ya mpweya ayenera kukhala ndi chiphaso cha air weapon certificate chochokera kupolisi, malinga ndi lamulo la 2015. Ku Northern Ireland ndiye kothina kwambiri: mfuti iliyonse ya mpweya yoposa joule imodzi imafuna chiphaso cha mfuti chenicheni.

Chimene ambiri sadziwa ndi ichi. Mfuti yaitali ikadutsa 12 ft lb mukhoza kuipemphera chiphaso. Pisito ikadutsa 6 ft lb ku England, Wales kapena Scotland palibe chiphaso wamba chimene mungaitengere. Imagwera m'gulu la zida zoletsedwa pa gawo 5 la lamulo la Firearms Act 1968, pamodzi ndi mapisito a zipolopolo zenizeni amene analetsedwa mu 1997. Munthu wamkulu wopezeka ndi chida cha gulu limeneli chilango chake chimayambira pa zaka 5 kundende, pokhapokha khoti litaona zifukwa zapadera. Kwa ife amene tikukhala kuno pa mapepala, mlandu wotere suthera kundende kokha.

Mbalame iliyonse yowononga ndingaiwombere?

Ayi. Lamulo la Wildlife and Countryside Act 1981 limayamba ndi kuteteza mbalame zonse zakutchire, mazira ake ndi zisa zake zomwe. Kenaka boma limatulutsa zilolezo zotchedwa general licence, zimene zimatchula mitundu ingapo ndi zifukwa zoiphera. Ku England zilipo zitatu zimene muyenera kuzidziwa: GL40 yoteteza zamoyo zina zakutchire, GL41 ya zaumoyo ndi chitetezo cha anthu, ndi GL42 yoteteza mbewu, ziweto ndi chakudya chake. Ku Wales zimachokera ku Natural Resources Wales, ku Scotland ku NatureScot, ndipo mayina a mbalame safanana m'madera onsewa.

Simulemba kalata yopempha chilolezochi, koma muyenera kuchiwerenga ndi kutsatira zimene chikunena. Mukhale mwini malo kapena wololedwa ndi mwini malo. Muthe kufotokoza kuti njira zina, monga kutchinga ndi ukonde, kutseka mipata ya shedi kapena kuopseza, mwaziyesa kapena sizingathandize. Mtundu wa mbalame ugwirizane ndi chifukwa chake. Woodpigeon ili pa chilolezo choteteza mbewu. Kuiwombera poti yakunyerani pagalimoto kapena poti mwalakalaka ndiwo si chifukwa chovomerezeka. Mpheta za pakhomo ndi mbalame zotchedwa starling zinachotsedwa pa mndandanda wa England mu 2005 chifukwa zinali kuchepa. Zinthuzi zimasinthadi: mu April 2019 bungwe la boma la Natural England linachotsa mwadzidzidzi zilolezo zitatu gulu loteteza zamoyo zakutchire la Wild Justice litakadandaula kukhoti, ndipo alimi anakhala masabata angapo ali kakasi mbewu zili m'munda. Muziwerenga chatsopano chaka chilichonse.

Phunziraninso kusiyanitsa. Pali njiwa ina, stock dove, imene imadya pamodzi ndi ma woodpigeon koma ndi yotetezedwa. Woodpigeon ikamauluka imaonetsa mzere woyera paphiko lililonse, ndipo yaikulu ili ndi banga loyera m'khosi. Stock dove ndi yocheperako ndipo ilibe zonsezo. Nkhunda yokhala ndi mphete kumwendo ndi yampikisano, ili ndi mwini wake.

Ndinenenso za ulimbo, poti tonse tinatchera tili ana. Kuno lamulo lomweli la 1981 limautchula ndi dzina kuti ndi woletsedwa.

Ndiye pisitoyo ikhale ndi mphamvu zochuluka bwanji?

Ine sindigwiritsa ntchito yochepera 4.5 ft lb, ndipo ndimakonda ya pakati pa 5 ndi 5.5. Chigaza cha nkhunda ndi chopyapyala, koma cha khwangwala ndi cholimbirapo, ndipo si nthawi zonse pamene mutu umakhala molunjika bwino. Osafunanso yofika pa 5.9, chifukwa apolisi akaitenga amaiyesa ndi chipolopolo chimene chingatulutse mphamvu zambiri, osati chimene inu mumakonda. Siyani mpata.

Mphamvuyi mukhoza kuiwerengera nokha ngati mwapeza makina oyezera liwiro, chronograph, amene masitolo ambiri a mfuti ndi makalabu ali nawo. Tengani kulemera kwa chipolopolo m'ma grain (muyeso woyezera kulemera kwa zipolopolo), chulukitsani ndi liwiro m'mafiti pa sekondi, chulukitsaninso ndi liwiro lomwelo, ndiye mugawe ndi 450240. Chipolopolo cha saizi ya .22 (mamilimita 5.5) cholemera ma grain 14.3 chikamathamanga mafiti 400 pa sekondi, mphamvu yake ndi 5.1 ft lb. Chikafika mafiti 435, mwagunda kale malire. Manambala olembedwa pabokosi asakunamizeni. Opanga amakonda kuyeza ndi tizipolopolo topepuka kuti liwiro lioneke lalikulu.

Pali za sipuling'i, za gasi, zopopa ndi za PCP. Ndisankhe iti?

Musanayang'ane mtengo, dzifunseni kuti mudzaiwomba kangati. Pisito yomalizira imatha kukhala masabata atatu osalira, ndiye tsiku lina m'mawa kukuzizira muifune mwadzidzidzi. Funso lenileni ndi lakuti: kodi idzakhala yokonzeka?

Za gasi ya CO2 ndi zimene ambiri amayambira, makamaka Crosman 2240 ya ku America. Ndi ya .22, imalowa chipolopolo chimodzichimodzi, sigwedeza dzanja, ndi yotsika mtengo, ndipo imagwiritsa ntchito kabotolo ka gasi ka magalamu 12. Pa tsiku lofunda imagwira ntchitoyi bwino ndithu. Vuto lake ndi nyengo. Mphamvu ya CO2 m'kabotolo imatsata kutentha: pa madigiri 20 imakhala pafupifupi mabar 57 (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), koma pa madigiri 0 imatsika kufika pa mabar 35. Tsono nthawi imene njiwa zimavuta kwambiri m'munda wa rape ndi January ndi February, pamene madzi a m'modyera ng'ombe amaundana usiku. Pisito imene inkaboola thabwa mu July imangoti fwee, chipolopolo n'kuona ndi maso chikupita. Kwinaku, mukaisiya padzuwa m'galimoto mphamvu imakwera, ndipo ngati inali kale pafupi ndi malire ikhoza kuwadutsa. Chinanso, kabotolo mukakaboola kuti muwombe kamodzi, gasi wotsalayo sakhalitsa mpaka kale, ndipo opanga salimbikitsa kusunga mfuti nthawi yaitali ili ndi kabotolo koboola. Mumapezeka mukutaya kabotolo kathunthu pa nkhunda imodzi, kapena mukudalira kabotolo ka mwezi watha kosadziwika kuti mwatsala zingati.

Zopopa, monga Crosman 1322 ndi mnzake wa .177 wotchedwa 1377, sizisamala za nyengo ndipo sizifuna kugula gasi. Koma kuti zifike pa mphamvu yokwanira muyenera kupopa kambirimbiri, mpaka ka 10, kwinaku mbalame ikuphupha pamapazi panu. Mukaphonya, kuyambiranso. Ndinakhala nayo miyezi ingapo n'kuipereka kwa mnzanga wowombera zitini.

Za sipuling'i ndi zimene ine ndinakhazikikapo. Weihrauch HW45 ya ku Germany mumaikoka kamodzi, kuika chipolopolo, kutseka, basi. Kaya kukutentha kaya kuli chisanu mphamvu yake ndi yomweyo, ndipo ili pafupi ndi malire a lamulo. Anthu amaidandaula kuti imadumpha m'dzanja ndipo ndi yovuta kulasa nayo patali. Zoona, koma pa masentimita ochepa kudumphako kulibe kanthu. Ndi yolemera, ndi yokwera mtengo, kuikoka kumafuna mphamvu m'manja, ndipo musamaiwombe yopanda chipolopolo chifukwa mumawononga za m'kati. Musaisokoneze ndi HW40 ya kampani yomweyo, imene ndi yabwino powombera pepala koma mphamvu yake ndi yochepa kwambiri pa ntchito imeneyi. Za sipuling'i zambiri zotchipa zili m'gulu lomwelo la zofooka.

Za PCP zimasunga mpweya wopanikizidwa pa mabar pafupifupi 200 m'kathanki kake. Sizidumpha, kuzizira sikuzifooketsa ngati za CO2, ndipo zambiri, monga Weihrauch HW44 kapena Diana Bandit, zili ndi magazini yosungira zipolopolo zingapo, kotero chipolopolo chachiwiri chimalowa m'kanthawi kochepa. Ngati mfuti yanu yaitali ndi ya PCP kale ndipo pampu kapena silinda muli nayo, gulani yotere osaganiza kawiri. Ngati mulibe, muwonkhetse mtengo wa pampuyo musanasangalale ndi mtengo wa pisito.

Nanga zija zooneka ngati mapisito enieni a Glock kapena Beretta, zowomba timipira tachitsulo?

Zisiyeni. Gasi wake wina amathera pokankha chitsulo chapamwamba kuti zizioneka ngati zenizeni, mphamvu yake ndi yochepa, ndipo timipira tachitsulo tikagunda simenti timabwerera kumaso. Komanso munthu wodutsa akakuonani nayo kuseri kwa shedi, amene adzabwere ndi apolisi a mfuti.

.177 kapena .22? Ndipo chipolopolo chikhale cha mtundu wanji?

Pa mtunda waufupi chonchi ndimasankha .22, imene ndi mamilimita 5.5. Imaboola bowo lalikulu ndipo imasiya mphamvu yake yambiri m'mutu momwemo. Ya .177, ya mamilimita 4.5, imathamanga kwambiri ndipo imakonda kupyola n'kutulukira kwina. Ubwino wake woyenda mowongoka patali pano ulibe ntchito. Pali chifukwa china chimene mumachidziwa mukagwirako ntchito panja mu January: zala zikauma ndi chisanu, kachipolopolo ka .177 kamangopulumuka n'kugwera mu udzu. Komabe ngati mfuti yanu yaitali ndi ya .177, palibe cholakwa kugula pisito yofanana nayo kuti m'thumba muzikhala chitini chimodzi cha zipolopolo.

Zipolopolo za mtovu za mutu wafulati kapena wa kabowo ndi zabwino apa, za mutu wozungulira nazonso zimagwira. Zosongoka zimaoneka zoopsa m'chitini koma zimangopyola. Zolemera kwambiri, zopangira mfuti zamphamvu, pisito imalephera kuzikankha bwino.

Ndilunjike pati, ndipo ndiyandikire bwanji?

Pamutu pokha. Ubongo wa mbalame uli kuseri kwa maso, cha pamwamba pang'ono. Mukakhala kumbali, lunjikani kumbuyo pang'ono kwa diso. Koma malo abwino koposa ndi kumbuyo kwake, mutaimirira, kuwombera pankhongo kulozetsa pansi, kuti chipolopolo chikapyola chilowe m'dothi. Pachifuwa ayi; mbalame ikhoza kufa ndithu, koma mochedwa.

Kamwa la mfuti lifike masentimita ochepa kuchokera pamutu. Mbalame yovulala imagwedeza mutu mukaiyandikira, ndiye fikani mwakachetechete, dikirani masekondi awiri atatu ikhazikike. Ndikaona kuti ikulimbana kwambiri ndimaiphimba thupi ndi thumba kapena jekete yakale, mutu wokha n'kutsala kunja. Mbalame ikamva kuti mapiko agwidwa imakhala bata. Dzanja lanu lina lisakhale pafupi ndi mutuwo.

Musanaiyese pa chamoyo, tengani katoni, jambulani timadontho ta kukula ngati mtedza, muike pa dothi lofewa. Womberani pa masentimita 5, pa theka la mita, pa mita imodzi, pa mamita awiri. Mudzaona nokha kuti ngakhale pisito, tizitsulo take toyang'anira tili pamwamba pa mpope, ndiye pafupi chipolopolo chimagwa m'munsi mwa dontho. Dziwani kuti chimatsika bwanji pa mtunda uliwonse mpaka dzanja lizolowere. Chipolopolo chachiwiri chizikhala pafupi nthawi zonse. Ine ndimachipanira m'kachidutswa ka siponji kamene ndinamata pa lamba, osati pakamwa monga ena amachitira, poti ndi mtovu.

Ndawombera pamutu koma ikukupizabe mapiko. Kodi ndaphonya?

Mwina ayi. Kumbukirani nkhuku yodulidwa mutu mmene imaphuphira pabwalo. Ubongo ukawonongeka, mapiko ndi miyendo zimagwedezeka zokha mwamphamvu kwa masekondi angapo, nthawi zina kupitirirapo, ndipo zimenezi zimaopsa amene akuziona koyamba. Yang'anani mutu, osati mapiko. Yakufa khosi limakhala lende, sikweza mutu, sipuma motsatizana, ndipo mukakhudza diso ndi kaudzu siphethira. Ikadzutsa mutu, ikamakutsatirani ndi maso, kapena ikaphethira, womberaninso pomwepo kapena thyolani khosi. Mukakayika, chitani ngati ili moyo.

Bwanji za akhwangwala ndi abale awo otchedwa magpie a mumsampha wa Larsen?

Msampha umenewu, umene anaupanga woyang'anira nyama wina wa ku Denmark m'zaka za m'ma 1950, uli ndi chipinda cha mbalame yamoyo yoitana zinzake ndi zipinda zokolera. Mbalame ikangolowa mumsampha ili m'manja mwanu, ndipo ku England ndi Wales lamulo la Animal Welfare Act 2006 limayamba kugwira ntchito pa iyo: kuizunza kapena kuisiya ikuvutika ndi mlandu. Msampha uyenera kuyenderedwa tsiku lililonse, ndipo yoitanayo ikhale ndi madzi, chakudya, pobisala ndi potera.

Ambiri amagula pisito chifukwa cha msampha umenewu, koma ine kuwombera m'kati mwa waya sindikukonda. Mbalame imadumphadumpha, ndipo chipolopolo chikagunda waya chimapatuka. Ndimavala magolovesi achikopa, kuigwira mapiko onse awiri, kupita nayo kuseri kumene yoitana ija siikuona, ndiye n'kumaliza ndi priest. Pisito ndimaitulutsa pokhapokha mbalameyo ikapanikizika pakona pamene dzanja silingalowe bwino.

Choopsa n'chiyani kwa ine ndi anthu ena?

Kubwerera kwa chipolopolo. M'shedi pansi ndi simenti, m'mbali ndi zitsulo, ndipo nkhope yanu ili pamwamba penipeni. Valani magalasi oteteza maso. Ngati mbalame ili pa simenti ndipo ingasunthike, ikankhireni pa udzu kapena pa thumba la mchenga. Matayala ndi matabwa olimba nawonso amabweza chipolopolo cha pisito, makamaka poti chilibe mphamvu yolowera.

Chipolopolo chikadutsa malire a malo amene mwaloledwa n'kukagwera kwa woyandikana naye, ndi mlandu. Ku England ndi Wales ndi mlandunso kuwomba pa mtunda wosakwana mafiti 50 kuchokera pakati pa msewu ngati wodutsa wavulala, wasokonezedwa kapena waikidwa pachiswe. Ndipo mbalame yovulala ikagwera kutsidya kwa mpanda, musalumphe ndi mfuti kukaitsata popanda chilolezo. Kulowa pamalo a eni muli ndi mfuti ndi mlandu waukulu kuposa kungolowapo chimanjamanja. Pitani mukagogode kaye, mfuti mutaisiya.

Pisito ndi yaifupi, ndiye imatembenuka msanga kuposa mfuti yaitali. Muiike chipolopolo mutafika pa mbalame, osati kuyenda nayo m'thumba ili yotchera.

Ndingaigule kuti, ndipo ndiisunge bwanji?

Muyenera kukhala ndi zaka 18 kuti mugule mfuti ya mpweya kapena zipolopolo zake. Chiyambire lamulo la Violent Crime Reduction Act 2006, wochita malonda a mfutizi ayenera kukhala wolembetsedwa kupolisi ndipo akupatseni pamasom'pamaso. Mukaitanitsa pa intaneti, amaitumiza ku sitolo ya mfuti ya kufupi nanu kapena kuibweretsa okha n'kuona chitupa chanu. Yakale yogula kwa munthu samalani nayo: mapisito ngati 2240 anthu amakonda kuwasintha za m'kati, ndipo wogulitsa akamanyadira kuti yake "imamenya kuposa zinzake", muiyezetse kaye musanatulutse ndalama. Palinso mtundu wakale umene chipolopolo chilichonse chimakhala ndi kabotolo kakekake ka mpweya. Umenewo unaletsedwa mu 2004, ndipo wina akakutsatsani mukane.

Kunyumba lamulo limafuna kuti muchite zotheka kuti mwana wosakwana zaka 18 asaifikire. Kabati yokhoma, zipolopolo kwina. Panjira ikhale m'chikwama chake, yopanda chipolopolo, ndipo mukhale ndi chifukwa chomveka, monga kupita ku famu kapena kuchokerako. Kuiiwala m'galimoto sabata yonse n'kumapita nayo kokagula zinthu si chifukwa. Chilolezo cha mwini famu chikhale cholembedwa, ndipo muchijambule pafoni. Mabungwe a alenje ngati BASC amapereka inshuwalansi kwa mamembala awo, ndipo alimi ambiri amafunsa zimenezo asanakulolezeni.

Ndikapeza mbalame yotetezedwa itavulala, monga kadzidzi wogundidwa ndi galimoto?

Lamulo la 1981 lija limateteza munthu amene wapha mbalame yovulala kwambiri moti singachire, bola kuvulalako kusakhale kochokera ku zochita zake zosaloledwa. Koma udindo wotsimikiza zimenezo ndi wanu, ndipo kadzidzi kapena kabawi wopezeka ndi chipolopolo m'mutu amadzetsa mafunso ambiri. Muikeni m'katoni, pamdima, muimbire dokotala wa ziweto, bungwe loteteza nyama la RSPCA, kapena la Scottish SPCA ngati muli ku Scotland. Mbalame imene ikungozungulira, kupinda khosi kapena kulephera kuima popanda bala looneka musaigwire n'komwe. Chimfine cha mbalame cha H5N1 chapha mbalame zambiri zakutchire kuno kuyambira mu 2021, ndipo zakufa zotere amauza a Defra, unduna wa boma woona za chilengedwe ndi ulimi.

Ndikamaliza, ndingadye?

Woodpigeon ndi ndiwo yabwino kwabasi, ndipo kudya imene mwaipha poteteza mbewu n'kololedwa. Azungu ambiri amangochotsa minofu iwiri ya pachifuwa n'kutaya zotsalazo, zimene kwa ine zimandiwawa mtima. Ine ndimasosola yonse, kuiwamba pang'ono, kenaka kuiphika nthawi yaitali ndi tomato ndi anyezi chifukwa yaikulu imalimba. Mutu umene muli chipolopolo mudule, ndipo bala loyamba lija mulifufuze ndi mpeni mpaka mtovu utuluke, mnofu wozungulira pamenepo n'kuutaya.

Nkhunda za m'shedi ndi za m'tauni sindidya, poona zimene zimatola ndi matenda amene zimanyamula. Ndimazigwira nditavala magolovesi. Zimenezo pamodzi ndi akhwangwala musazisiye poyera. Nkhandwe, galu wa pafamu kapena kabawi wa red kite akadya nyama yokhala ndi mtovu amadwala nawo, ndipo woyenda m'kanjira ka anthu akaona mulu wa mbalame zakufa pampanda, mawa lake mwini famu amalandira foni. Funsani mwini malo kumene amataya zotere. Pa famu yathu pali mgolo wachivundikiro kuseri kwa shedi ya mathirakitala, ndipo ndimaziika m'matumba awiri ndisanaponyemo.